Chilatini cha m'khoti: mawu amene amamanga ndi kumasula anthu

M'mawa wa tsiku la ntchito ku Area 3 mumzinda wa Lilongwe, mabenchi a kukhoti amadzaza dzuwa lisanakwere. Ena amakhala atachokera ku Mtandire, ena ku Area 36, ena kumidzi ya ku Mitundu, ndipo ambiri amakhala atanyamula kachakudya ka m'bale wawo amene akubwera pa galimoto ya kundende ya Maula. Mlandu ukatchulidwa, maloya amaimirira, amasinthana mawu ndi woweruza kwa mphindi zochepa, kenako aliyense amatseka mafayilo. Wamlandu uja amabwezedwa kuchitokosi. Panja, mayi ake amagwira mkono aliyense wovala jekete ndi kufunsa funso limodzi: "Ndiye akuti bwanji? Atuluka?"

Chizungu pachokha ndi phiri kwa Amalawi ambiri. Koma m'kati mwa Chizungu cha m'khoti muli chinenero chinanso, Chilatini, chimene ngakhale munthu wa digiri yake wa ku Capital Hill amangogwedezera mutu asakumva. Palibe dziko lero limene ana ake amayamwira Chilatini kubere, komabe mawu ake ndi amene amanena ngati munthu agone kwawo kapena ku Maula, ngati puloti ndi yake kapena ya wina, ngakhalenso ngati chisankho cha dziko lonse chiime kapena chibwerezedwe. Mawuwa si matsenga. Kuseri kwa lililonse kuli mfundo imene gogo wa kumudzi angaimve bwinobwino itanenedwa m'chinenero chake.

Chidafika bwanji kuno

Chilatini chidali chinenero cha Aroma. Ufumu wawo utagwa, chidatsalira m'tchalitchi, m'masukulu aukachenjede ndi m'mabuku a malamulo a ku Ulaya. Ku England zolemba za m'makhoti zidakhala zili m'Chilatini kwa zaka mazanamazana, mpaka nyumba ya malamulo ya kumeneko idalamula, cha m'ma 1730, kuti zizilembedwa m'Chingerezi. Zolembazo zidasintha, koma mawu amene maloya adazolowera adakanirira.

Dziko lino lidalowa m'manja mwa Britain mu 1891. Mu 1902 lamulo lotchedwa British Central Africa Order in Council lidakhazikitsa bwalo lalikulu la milandu ndi kunena kuti malamulo a ku England, monga momwe adalili pa 11 Ogasiti chaka chimenecho, azigwira ntchito kuno. Malamulowo adabwera ndi mikanjo yakuda, mawigi ndi Chilatini chomwe. Titalandira ufulu mu 1964 tidasunga zonsezi, ndipo ophunzira zamalamulo ku Zomba akhala akuloweza mawu omwewo amene anzawo amaloweza ku London, Lusaka ndi Nairobi.

Makutu a Amalawi adali atachimvapo kale chinenerochi kwina. Akatolika achikulire a ku Likuni ndi ku Maula amakumbuka Misa ya Chilatini, msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965 usanatsegule khomo la zinenero za anthu. Dr Hastings Kamuzu Banda naye adachikonda kwambiri, kotero kuti sukulu imene adatsegula ku Mtunthama mu 1981, Kamuzu Academy, idaika Chilatini ndi Chigiriki pamtima pa maphunziro ake. Mpingo udaona kuti mkhristu ayenera kumva zimene akuvomera ndi "Amen". Funso lomwelo likudikira makhoti athu.

Bweretsani munthuyo

Mawu oyamba kuwadziwa ndi habeas corpus, chifukwa amakhudza thupi lenileni la munthu. Tanthauzo lake ndi lakuti "ukhale nalo thupilo", ndiko kuti: iwe amene ukusunga munthuyu, bwera naye pamaso pa khoti, ufotokoze lamulo limene ukumusungira. Ukalephera, amasulidwe. Ku England mfundoyi idalimbitsidwa ndi lamulo la mu 1679.

Amalawi amadziwa kuwawa kwa dziko lopanda chitetezo chimenechi. M'nthawi ya chipani chimodzi, lamulo lidalola boma kutsekera munthu popanda kumuzenga mlandu. Mlakatuli Jack Mapanje adatengedwa mu 1987 ndipo adakhala ku Mikuyu mpaka 1991 osaonekera m'khoti lililonse. Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda m'dziko muno, adaweruzidwa pamodzi ndi mkazi wake Vera m'khoti la makolo mmene maloya sankaloledwa, ndipo adamwalirira m'ndende ya Zomba mu 1992.

N'chifukwa chake olemba malamulo aakulu a dziko a mu 1994 sadafune kusiya mpata. Gawo 42 likuti munthu womangidwa auzidwe msanga chifukwa chake m'chinenero chimene amamva, akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wotsutsa kumangidwa kwake pamaso pa woweruza. Ngati maolawo athera kunja kwa nthawi ya ntchito ya khoti, akaonekere tsiku loyamba limene khoti likhale. Mayi amene mwana wake wagona sabata yathunthu m'chitokosi cha polisi sayenera kudziwa kalembedwe ka habeas corpus. Chomwe ayenera kudziwa n'chakuti kufunsa kuti mwanayo apite naye liti kukhoti si mwano, ndi ufulu.

Mlandu woti ayankhe

Mawu amene amasokoneza mabanja ambiri ndi prima facie, kutanthauza "pakuona koyamba". Boma likamaliza kubweretsa mboni zake, woweruza amaima kaye ndi kudzifunsa: kodi umboni umenewu, wozengedwa mlandu atapanda kunenapo kanthu, ungakwanire kuti khoti limupeze wolakwa? Ngati yankho ndi ayi, munthuyo amamasulidwa pomwepo. Ngati ndi inde, wailesi imalengeza kuti wapezeka ndi mlandu woti ayankhe. Apa abale ena amayamba kulira ngati chigamulo chagwa, pomwe adani ake amayamba kuvina. Onse alakwitsa. Kupezeka ndi mlandu woti uyankhe si kupezeka wolakwa. Ndi nthawi yoti nawe ufotokoze mbali yako, ndipo alipo ambiri amene amayankha n'kupambana.

Kuti munthu apezeke wolakwa pa milandu yambiri, boma liyenera kuonetsa zinthu ziwiri: actus reus, chochitika choipacho, ndi mens rea, mtima umene munthu adachitira. Taganizani za mnyamata amene wagula foni yakale m'mbali mwa msewu wa Malangalanga, mawa lake apolisi n'kumupeza nayo kuti ndi yobedwa. Kuti foniyo ili m'thumba mwake, palibe akutsutsa. Koma kodi ankadziwa, kapena panali chomuchenjeza, kuti ndi yakuba? Adaigula pamtengo wanji, nthawi yanji, kwa yani? Mlandu wake wagona pamenepo. Mabwalo a mafumu akhala akusiyanitsa zomwezi kuyambira kale: amene ng'ombe zake zathyola khola usiku n'kudya chimanga cha mnzake salipitsidwa mofanana ndi amene wazikusira dala m'mundamo.

Mawu ena ndi afupi ndipo ndi osavuta. Alibi ndi "kwina": pamene mlandu unkachitika ine ndinali kwina, ndipo mboni zanga ndi izi. Subpoena ndi "pansi pa chilango": chisamani choitana mboni, chimene ukachinyalanyaza umadziputira mlandu. Affidavit ndi "walumbira": umboni wolembedwa umene mwini wake walumbira kuti ndi woona, kotero kunama m'menemo n'chimodzimodzi kunama pamaso pa jaji.

Pamene dziko lonse lidakhala pabenchi

Sipadakhalepo sukulu ya malamulo yaikulu ngati imene Amalawi adalowa kuyambira mu Ogasiti mpaka Disembala 2019. Dr Saulos Chilima ndi Dr Lazarus Chakwera adakatsutsa zotsatira za chisankho cha pa 21 Meyi chaka chimenecho, ndipo majaji asanu, a Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Mike Tembo ndi Redson Kapindu, adamva mlanduwo ku Lilongwe. Zonse zinkaulutsidwa pa wailesi, womasulira akutembenuzira m'Chichewa. M'maminibasi, m'masaluni, pa Bwalo la Njobvu ndi mumsika wa Tsoka, anthu ankatsutsana za umboni ngati maloya.

M'mlandu umenewu ambiri adamva koyamba mawu akuti amicus curiae, "bwenzi la khoti". Ameneyu sakhala wodandaula kapena wodandaulidwa, koma khoti limamulola kulankhula kuti alithandize kuona bwino lamulo. Bungwe la maloya la Malawi Law Society ndi la maloya aakazi la Women Lawyers Association adakhala abwenzi a khoti pamlanduwo. Kumudzi timamudziwa munthu wotere: mkulu wa mudzi woyandikana amene mfumu imamupempha kuti aponyepo nzeru pa nkhani imene iye alibe nayo mbali.

Pa 3 Febuluwale 2020 majajiwo adawerenga chigamulo tsiku lonse, adafafaniza chisankhocho ndi kulamula kuti china chichitike pasanathe masiku 150. Adalamulanso kuti utsogoleri ubwerere mmene udalili zotsatira zija zisanalengezedwe. Pa Chilatini amati status quo ante, "mmene zinthu zidalili kale". Mawu atatu amenewa adatanthauza kuti Pulofesa Peter Mutharika apitirize ngati mtsogoleri wa nyengo yakale, a Chilima abwerere pa mpando wa wachiwiri, ndipo a Everton Chimulirenji auchoke.

Panalinso mfundo ina yozama. Makhoti amayendera stare decisis, "kuima pa zimene zidagamulidwa", kuti milandu yofanana iziweruzidwa mofanana ndipo bwalo laling'ono lizitsata lalikulu. Pambuyo pa chisankho cha 1999, pa mlandu wa a Gwanda Chakuamba, bwalo la apilo la Supreme lidagamula kuti wopambana ndi amene wangoposa anzake mavoti. Majaji a mu 2020 adati chigamulo chimenecho chidaperekedwa per incuriam, ndiko kuti mosaona bwino mbali zina za lamulo, ndipo adati wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka. Pa 8 Meyi bwalo la Supreme lidagwirizana nazo, ndipo pa 23 Juni Amalawi adavotanso. Lero mwana wa sukulu aliyense amadziwa za 50+1. Nkhani yovuta chonchi anthu adaimva chifukwa chimodzi: idanenedwa m'chinenero chawo.

Chiletso cha mbali imodzi

Chaka chomwecho chidaphunzitsa anthu mawu ena awiri. Boma litalengeza kuti kuyambira pa 18 Epulo 2020 anthu abindikire m'nyumba kwa masiku 21 chifukwa cha Covid-19, mavenda m'matauni adadandaula kuti afa ndi njala. Pa 17 Epulo, Jaji Kenyatta Nyirenda wa bwalo lalikulu ku Lilongwe adapereka chiletso atamva pempho la nzika zina pamodzi ndi bungwe la Human Rights Defenders Coalition.

Chiletso chachangu chotere kawirikawiri chimayamba ex parte, kutanthauza kuti jaji wamva mbali imodzi yokha chifukwa nthawi yachepa ndipo kudikira kungaononge zinthu. Chimakhala cha masiku owerengeka. Kenako pamabwera kumva inter partes, "pakati pa mbali zonse", pamene winayo amapatsidwa mpata woyankha. Amene wapeza chiletso choyamba asafulumire kupha mbuzi, ndipo amene chamugwera asataye mtima. Nkhani imakhala isanayambe n'komwe.

Pamilandu yotsutsa zochita za boma pamamvekanso ultra vires, "kupyola mphamvu". Nduna, khonsolo ya mzinda kapena bungwe la boma lili ndi mphamvu zokhazo zimene lamulo lidalipatsa. Likadumpha malire, khoti likhoza kufafaniza zimene lachita, ngakhale cholinga chikhale chabwino. Koma wodandaulayo amayamba wafunsidwa za locus standi, "malo oimapo": nkhaniyi ikukukhudza bwanji iweyo? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ngakhale kuti pa nkhani za ufulu wachibadwidwe malamulo athu amalolanso anthu ndi mabungwe amene ali ndi chidwi chokwanira kuti aimire ena.

Mlandu ukathera panjira

Palinso nolle prosequi, "kusafuna kupitiriza kuzenga". Gawo 99 la malamulo aakulu limapatsa mkulu wozenga milandu ya boma mphamvu yoimitsa mlandu chigamulo chisanaperekedwe. Mu Meyi 2023 mlandu wa katangale wa mtsogoleri wakale Dr Bakili Muluzi, umene udatha zaka zoposa khumi m'khoti, udathetsedwa motere. Mu Meyi 2024 zomwezo zidachitika pa mlandu umene boma linkazenga a Chilima ku Lilongwe. Maulendo onse awiri anthu adagawanika, ena akuti chilungamo chaoneka, ena akuti chabisidwa.

Chofunika kumvetsa n'chakuti pamenepa jaji sanayeze umboni n'kugamula. Wozenga mlandu ndiye wabweza dzanja. Pozindikira kulemera kwa mphamvu imeneyi, malamulo amafuna kuti mkuluyo apereke zifukwa zake ku komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo pasanathe masiku khumi. Nzika yodziwa zimenezi siimira pa kung'ung'udza. Imafunsa phungu wake ngati zifukwazo zidaperekedwa, ndi ngati komitiyo idakhutira nazo.

Ku Nyumba ya Malamulo komweko, ku City Centre, kumamveka mawu ena awiri. Sipikala akakana kuti aphungu akambirane nkhani chifukwa ili sub judice, akutanthauza kuti ili "pansi pa woweruza", ndipo kuikamba kungasokoneze mlandu. Mkumano ukatha, nyumbayo imayalula sine die, "popanda tsiku" lodzakumananso. Kwa aphungu mawuwa ndi chizindikiro chobwerera kumadera awo. Kwa munthu wa pa rimandi, mlandu woimitsidwa popanda tsiku ndi mdima. Wachibale akamva mawu amenewa asachoke pakhoti asanafunse kalaliki kapena loya chimene chichitike kuti tsiku lipezeke.

Kuseri kwa mipanda ya ku Area 10

Chilatini sichithera pa milandu ya ndale. M'nyumba za mipanda italiitali za ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 mumagwira ntchito alonda, olima maluwa ndi amayi osamala m'nyumba. Ndalama ikasowa kuchipinda, kawirikawiri wantchito amauzidwa kuti alongedze katundu tsiku lomwelo. Apa pamagwira mfundo yakuti audi alteram partem, "imva mbali inayo". Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 likuti munthu asachotsedwe ntchito pa zifukwa za khalidwe kapena kagwiridwe kake asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo bwalo la milandu ya zantchito limamva madandaulo a wantchito wa m'nyumba monga limamvera a bwana wa kubanki.

Mnzake wa mfundoyi ndi nemo judex in causa sua, "munthu asaweruze mlandu wake womwe". N'chifukwa chake loya amatha kupempha jaji kuti achoke pamlandu ngati ali paubale kapena pamalonda ndi mbali ina. Mfumu yanzeru imachita chimodzimodzi mlandu ukakhudza mphwake: imaupereka kwa nduna zake kapena kwa gulupu.

Pa nkhani za malo, mawu awiri angapulumutse ndalama za penshoni ya munthu. Loyamba ndi caveat emptor, "wogula achenjere". Lachiwiri ndi nemo dat quod non habet, "munthu sangapereke chimene alibe". Mu Lilongwe, mmene puloti imodzi imatha kugulitsidwa kwa anthu atatu, dobadoba amakuonetsa malo, mapepala a chidindo ndi munthu amene akuti ndi mwini wake. Ngati wogulitsayo sadali mwini weniweni, nawenso sunagule kanthu, ngakhale udalipira ndi mtima woona, umene maloya amati bona fide. Udzatsala ndi ufulu wolondola ndalama zako kwa munthu amene foni yake idazima kale. Ulendo wokafufuza ku unduna wa zamalo, kukhonsolo ya mzinda kapena ku Malawi Housing Corporation musanapereke ndalama ndi wotsika mtengo kuposa zaka zisanu za m'khoti. Safunsa adadya phula.

Amene alibe ndalama ya loya

Mawu ena ndi achifundo: pro bono, chidule cha pro bono publico, "pofuna ubwino wa anthu onse". Ndi ntchito imene loya amagwira osalipiritsa. Malamulo oyendetsera ntchito ya uloya m'dziko muno tsopano amafuna kuti loya azigwirako ntchito yotere kuti chiphaso chake chipitirire. Palinso Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yoimira anthu osauka, ndi alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI amene kuyambira chaka cha 2000 akhala akulowa m'ndende kufotokozera a pa rimandi za belo ndi kayendedwe ka milandu m'chinenero chawo. Ntchito yawo yaonetsa kuti munthu akamva zimene zikumuchitikira, amatha kudziimira yekha pamaso pa majisitireti n'kupempha belo mwaulemu ndi molimba mtima.

Ngakhale kwawo kwa malamulowa zinthu zidasintha. Mu 1999 England idachotsa Chilatini chambiri m'malamulo oyendetsera milandu ya pakati pa anthu, n'kuikamo mawu a tsiku ndi tsiku. Kuno nako malamulo a bwalo lalikulu a mu 2017 adatsata njira yofananayo. Koma kuchoka pa Chilatini kupita pa Chizungu chosavuta ndi theka chabe la ulendo kwa mayi wa ku Mtandire. Gawo 42 lomwe lija limalonjeza kuti munthu azengedwe mlandu m'chinenero chimene amamva, apo ayi amasuliridwe boma likulipira. Womasulira wa m'khoti amasenza katundu wolemera: mawu amene jaji adawaphunzira zaka zinayi, iye ayenera kuwapezera Chichewa m'kamphindi. Ayenera kuphunzitsidwa mokwanira, ndipo akatswiri a zinenero a ku Zomba pamodzi ndi a zamalamulo angathe kukhala pansi n'kugwirizana mawu a Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zinenero zina, kuti prima facie imveke chimodzimodzi ku Area 3, ku Mzuzu ndi ku Nsanje.

Maloya amakonda kunena kuti ignorantia juris non excusat, kusadziwa lamulo si chodzikanira. Mfundoyi ndi yoona, chifukwa popanda iyo wakuba aliyense akadati sankadziwa. Koma dziko limene limauza nzika zake kuti kusadziwa sikupulumutsa lili ndi ngongole yozidziwitsa. Mu 2019 wailesi idaonetsa kuti Amalawi amamva malamulo akawafikira m'chinenero chawo, ndipo amawalemekeza. Mlandu wa mayi uja wa pabenchi suulutsidwa pa wailesi, koma kwa iye ndi waukulu kuposa wa chisankho. Akafunsa kuti "ndiye akuti bwanji?", pakhale wina womuyankha m'mawu amene angakawabwereze kunyumba madzulo.